Achimwene apinyolitsa munda wa mpunga wa amayi kwa wakatapila, ndiwombole kapena ndiwasiye?

MwanaWaKuDwangwa

Abale ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandisowetsa tulo ndipo kumudzi palibe amene ndingamufunse chifukwa aliyense ali kale ndi mbali yake. Ndine mayi, ndimakhala ku Lilongwe kuno ndimagulitsa kaunjika, koma kwathu ndi ku Nkhotakota mbali ya Dwangwa, kwa T/A Kanyenda. Tinabadwa atatu, oyamba achimwene, kenako ine, nde mng'ono wanga wamkazi amene ali pamudzi pompo ndi ana atatu, mwamuna wake anapita ku Johannesburg ndipo foni yake inasiya kupezeka kalekale. Bambo anamwalira. Amayi alipo koma miyendo ikuwavuta, sangalowenso m'matope kukawokera mpunga.

Minda tili nayo iwiri. Wakumtunda ndi wa chinangwa, umenewo ndi wa kondowole basi sutulutsa ndalama. Wina ndi wakudambo wa mpunga, ngati maekala awiri, umene amayi anasiyiridwa ndi amayi awo, agogo athu. Bambo anali mkamwini, mundawo sunali wawo, zimenezo mudzi onse ukudziwa. Munda umenewu ndi umene watilera, chaka chabwino Kilombero amatuluka wodya, wogulitsa, mpaka fizi ya ana ku sekondale imachoka momwemo.

Chiyambireni amayi kudwala ine ndakhala ndikutumiza ndalama ya ganyu, yolimitsa, yowokera, yopalira, mpaka ya ana opirikitsa mbalame mpunga ukayamba kucha. Ndimatumiza pa Airtel Money ya achimwene poti amayi alibe foni. Nde kunabwera madzi osefukira aja a February 2024, amene muli a kwathu mukukumbukira mmene Dwangwa anachitira, mpunga onse unapita, nyumba ya achimwene inagwa iwo ndi alamu ndi ana anakakhala ku kampu pasukulu. Ndinathandiza mmene ndikanathera koma bizinesi yanganso inali itakhotakhota, chichokereni kugwa kwa kwacha kuja kwa November 2023 belo ya zovala inakwera moti ukagulitsa zonse ndalama yake siikwananso kukatenga belo ina.

Zimene sindimadziwa ndi zakuti achimwene anapita kwa bambo wina wa pa treding'i amene amagula mpunga ndi kubwereketsa ndalama, anatengako K400,000. Akuti ina anagulira malata ndi mitengo, ina analowa nayo sheya pa chilimira cha anzawo kunyanja kuti aziti akapha usipa azibweza. Kunabwera mwera, injini ya boti inafa, anzawo aja aliyense anabalalika, ndalama inathera pamenepo. Pano bamboyo akuti ngongole yafika K1,200,000 chifukwa mwezi uliwonse imabereka. Ndipo pali pepala. Achimwene anasayina, amalume athu (achimwene awo a amayi) anasayina ngati mboni, pepalalo likuti akalephera kubweza, bamboyo azilima munda wa kudambo mpaka ngongole ithe. Amayi sanadindepo chala, sanauzidwe nkomwe. Zinaululika mng'ono wanga atapita kukakonza nazale nkupeza anyamata achilendo akulima mmunda mwathu, atawafunsa akuti tatumidwa ndi abwana.

Pano nkhani yakula, bamboyo akuti kuti zisavute angowonjezera K800,000 munda ukhale wake mpakana kale, akufuna adzalemo nzimbe. Amalume akuti tivomere, ati chibale ndi fupa sichiola, musamuchititse manyazi mwana wamwamuna pamaso pa anthu, gulitsani yotsalayo mugawane. Ine ndikukayika kuti amalumewo analandirako ya sopo chifukwa mmene akulimbikira si bwino. Amayi akungolira, mbali ina sakufuna mwana wawo amangidwe, mbali ina akuti ndikafa ndikawauza chani amayi anga. Mng'ono wanga ndi alamu sakuyankhulana, anatukwanizana pachitsime anthu akuonerera.

Ine ndili ndi K600,000 ya mpamba wa bizinesi, ndipo ku banki mkhonde kwathu atha kundibwereka ina. Amuna anga akuti ngakhale tambala asachoke mnyumba muno kukalipira zopusa za munthu wamkulu ndi ndevu zake. Nde funso langa ndi ili, ndiwombole mundawu? Ndikawombola ukhala wandani, wanga kapena wa tonse kuti achimwene adzaupinyolitsenso mawa? Kapena ndingopita ku polisi ku Nkhunga? Amene munakumanapo nazo ndiuzeni zoona osandinyengerera.

Chilungamo_Chowawa

Sisi musalipire. Ndabwereza, MUSALIPIRE. Amuna anuwo akunena zoona. Mukangotulutsa K600,000 yanuyo mwatseka bizinesi, ana anu adya chani? Ndipo wakatapilayo sanena kuti zikomo ngongole yatha, anena kuti mwachotsa theka, theka linalo lipitiliza kubereka, pofika mwezi wa mawa mudzapeza yabwereranso pa miliyoni. Anthu amenewa safuna kuti ngongole ithe, amafuna munda, ndalamayo anaitulutsa akuyang'ana kudambo kuchokera tsiku loyamba. Mukuganiza kuti munthu amene amagula mpunga dera lonselo samadziwa kuti mundawo ndi wa amayi anu? Amadziwa bwinobwino nchifukwa chake anafuna siginecha ya amalume.

Achimwene anuwo agulitse malata anagulawo, agulitse njinga, apite akadule nzimbe alipire okha. Munthu wopinyolitsa chinthu cha mayi ake odwala osawauza ndi wakuba basi, tisamazungulire. Ndipo siyani kutumiza ndalama pa foni yawo lero lomwe, mugulireni mng'ono wanu kafoni ka mabatani ndi simu yake. Kenako polisi. Pali lamulo lija la 2011 loletsa kulanda katundu wa amasiye, amalumewo ndi achimwenewo akagoneko masiku awiri muone ngati pepalalo silisowa lokha kkkk.

MkamwiniWaKuBenga

Mayi, pepani ndi zimene zakugweraniyi. Ine ndine bambo wachikulire, ndili pachikamwini kuno kwa Benga zaka zambiri, nde ndiyankhulako mbali imene anzathu pamwambapa sanaione, mukwiye kaya musakwiye.

Achimwene anu alakwa, pamenepo palibe mtsutso. Koma tafunsani kaye, zaka zonsezi amene amalowa mmatope ndani? Inu mumatumiza ya ganyu inde, koma ndalama siyang'anira aganyu, siidzuka mbandakucha kukatseka madzi pa mzere, siinyamula amayi pa njinga kupita nawo kuchipatala usiku. Zimenezo amachita ndi munthu amene ali pamudzi. Ndiye munthu ameneyo akudziwa mumtima mwake kuti munda akuvutikirawu si wake ndipo sudzakhala wa ana ake. Pa mwambo wathu wa Chichewa munda umayenda mbali ya kuchikazi, kuchoka kwa agogo kupita kwa amayi kupita kwa inu ndi mng'ono wanu ndi ana anu. Ana a achimwene anu kwawo ndi kwa amayi awo. Mwanena kuti alamu anu ali pamudzi panu, ndiye kuti anawatenga chitengwa, kutanthauza kuti banja limenelo lili pakati, kwa mkazi sanalimeko zaka zonsezi mwina malo anagawana ena, kuno kwa mwamuna akuuzidwa kuti ndi za alongo ako. Tsiku limene amayi anu adzatsikire kulichete, bamboyo ndi ana ake adzakhala opempha pa munda umene wakhala akulima chiyambire unyamata.

Kale zimenezi sizimavuta chifukwa malo analipo, mwamuna amapita kwa amfumu nkupempha tchire nkuswa mphanje, munda umenewo umakhala wa thukuta lake. Lero mukaswa kuti mphanje ku Nkhotakota kuno? Kumadzulo ndi nkhalango ya nyama ya boma yotchingidwa ndi waya, kummawa ndi nyanja imene yakhala ikukwera nkumadya minda ya mmbali, pakatipa nzimbe ndi anthu ochuluka. Nde anyamata ambiri akuthamangira ku chilimira ndi kabaza chifukwa akufuna chinthu choti nchawo. Achimwene anu nyumba itagwa anafuna poyambira, anasankha njira yoipa, koma sikuti anakamwera mowa.

Za polisizo ine ndikukanizani. Mukamangitsa mwana wawo woyamba amayi anu BP iwatenga, ndipo mudzi onse udzati mwana wa ku tauni anapha mayi ake chifukwa cha munda. Inu mudzabwerera ku Lilongwe, amene adzatsale ndi udaniwo ndi mng'ono wanu, yekha ndi ana atatu, moyandikana khomo ndi anthu amene munawamangitsa. Maliro akadzagwa pakhomo pake adzakumba manda ndani?

Amene ndikumuona wolakwa kwambiri ine ndi amalume anu. Mwini mbumba ntchito yake ndi kusunga malo a alongo ake ndi ana awo, iyeyo ndi mlonda osati mwini munda. Mwana atabwera ndi pepala lotere amayenera kumubweza nkuitanitsa mbumba yonse. Mmalo mwake anasayina, pano akukuuzani za fupa losaola. Ameneyo ndiye mukamufunse pamaso pa amfumu kuti anasayina ngati ndani, ndipo anauza ndani.

Chilungamo_Chowawa

Aaa bambo a ku Benga, ndiye poti amanyamula amayi ake pa njinga apinyolitse munda? Amayi akewo si ake omwe? Tisamapange ngati kusamala kholo ndi ganyu yoti ulipidwe ndi ekala. Mng'ono wawo wa sisiwa nayenso ali pamudzi pompo, amatunga madzi, amaphikira amayiwo, bwanji iye sanapite kwa wakatapila?

KalalikiWakale

Ndinagwirapo ntchito yolemba milandu pabwalo la mfumu ina yaikulu, nde milandu yotere ndaiona yambiri, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala anthu akamakonza minda. Ndikuuzeni mmene zimayendera, mutengepo zimene zikuthandizeni.

Choyamba siyanitsani zinthu ziwiri zimene bambo wa pa treding'iyo akufuna muzione ngati chimodzi. Ngongole ndi ina, munda ndi wina. Ngongole ndi ya achimwene anu, anatenga okha, ndipo ndi yoona ayenera kubweza. Munda ndi wa amayi anu ndi mbumba yawo. Munthu sungapereke chikole chinthu chimene si chako, ndipo siginecha ya mboni siisandutsa mboniyo kukhala mwini. Pepala limene mwini munda sanadindepo chala, amfumu sanadindepo sitampa, ndi lofooka kwambiri pa nkhani ya malo ngakhale lili lolimba pa nkhani ya ndalama. Bamboyo akudziwa zimenezi, nchifukwa chake akuthamangira kuti mulandire K800,000. Tsiku limene amayi anu adzalandire ndalama imeneyo pamaso pa mboni ndiye kuti mwamukonzera nokha pepala limene panopa alibe. Muwauze amayi ndi mng'ono wanu asalandire kanthu kalikonse kochokera kwa iye, kaya ndi thumba la chimanga kaya ndi ya mankhwala, ndipo asadinde chala pa pepala lililonse ngakhale abwere nalo ndi amalume.

Lamulo la 2011 limene latchulidwa pamwambapa, Deceased Estates Act, ndi la chuma cha munthu womwalira, limateteza mkazi wamasiye ndi ana kwa achibale olanda katundu. Apa silikugwira chifukwa mundawu sunali wa malemu bambo anu, mwini wake ali moyo. Lamulo la nkhani yanu ndi la malo a mafumu, Customary Land Act ya 2016 imene inakonzedwanso mu 2022. Lamulo limenelo linakhazikitsa komiti ya za malo pa gulupu aliyense, wapampando ndi agulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu ndipo osachepera atatu akhale amayi. Milandu ya malo ili ndi bwalo lake kwa T/A, ukapanda kukhutira umapita pa boma. Mmadera ambiri anthu akuyendabe njira yakale ya nyakwawa, gulupu, T/A, ndipo inuyo yambirani pomwepo, musadumphe nyakwawa, mafumu amakwiya ukawadumpha ndipo mlandu umabwezedwa. Wodandaula akhale amayi anu eni ake, inu ndi mng'ono wanu muwaperekeze. Mukapita inu nokha adzati mwana wa ku tauni akufuna kulanda munda. Chimene mukapemphe poyamba ndi chakuti anyamata a bamboyo aletsedwe kulima mpaka mlandu uweruzidwe, chifukwa akangowokera mpunga kapena kubzala nzimbe nkhani imasintha, amayamba kunena za mbewu zake ndi ndalama imene waononga, ndipo nzimbe si mbewu ya chaka chimodzi, akadula imaphukanso zaka zingapo, mudzakhala mukudikira mpaka kalekale. Changu chikufunika pamenepo.

Mupite ndi anthu achikulire odziwa malire ndi mbiri ya mundawo, amene anaona agogo anu akulima, ndi eni minda yoyandikana nayo. Pabwalo la mfumu mboni zotere zimalemera kuposa pepala.

Tsopano za ngongole. K400,000 kufika K1,200,000 ndi katapila weniweni. Makhoti ali ndi mphamvu pansi pa lamulo lotchedwa Loans Recovery Act yotsegulanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongola dzanja chili chopyola muyeso, nkulamula kuti munthu abweze zoyenera zokha. Obwereketsa ambiri safuna kukaima pamaso pa majisitireti kufotokoza mmene anawerengera, nde mukangoonetsa kuti simukuopa khoti la ku Nkhunga mtengo umatsika wokha. Ngati mukufuna loya waulere pitani ku Legal Aid Bureau, ku Lilongwe komwe muliko ofesi ilipo, mutenge chithunzi cha pepalalo pa foni. Polisi adzakuuzani kuti ya malo ndi ya mafumu, ya ngongole ndi ya khoti, pokhapokha wina aopsezedwe kapena kumenyedwa.

Funso lanu loti mukawombola ukhala wandani, yankho lake simulikonda. Ukhalabe wa amayi ndi mbumba. Kulipira ngongole ya achimwene sikukugulirani munda, ngati mmene kulima sikunawagulire iwo. Mukafuna kuthandiza thandizani ngati ngongole kwa achimwene anu, yolembedwa, pamaso pa amfumu, yoti azibweza ndi matumba a mpunga pokolola. Ndipo ndalama musapatsire achimwene kapena amalume kuti akapereke, mukapereke nokha pabwalo, bamboyo alembe kuti walandira ndipo pepala loyamba ling'ambidwe anthu akuona.

NaPhiri_Salima

Mmm nkhani iyi yandikumbutsa kwathu. Ife ndi a ku Salima mbali ya Lifuwu, nafenso ndi a mpunga. Zinatichitikira mofanana koma ife anali atsibweni enieni amene anabwereketsa munda wa amayi kwa munthu wa pa boma zaka zitatu, ndalama analandiriratu yonse nkudya. Mkulu wanga amene ali ku Blantyre anachita zimene mukuganizazi, anatulutsa ndalama yake nkumubwezera munthu uja, tonse tinamuombera mmanja. Mavuto anayamba pokolola. Mkulu wanga anati poti ndinawombola ndine, matumba onse ndi anga mpaka ndalama yanga ibwerere, anatumiza galimoto kudzatenga. Ife amene tinalima tinatsala ndi matumba awiri. Chaka chotsatira anati mundawo aikamo munthu wake waganyu. Lero ndi zaka zingapo sitiyankhulana bwinobwino, pa maliro timangopatsana moni wa mmanja ngati alendo, ndipo amayi anamwalira akudandaula kuti bola munda ukanangopita kwa munthu wa pa boma uja ana anga akanagwirizana pomuda iyeyo.

Nde ine ndikuti sisi dzifunseni bwino musanatulutse ndalama. Panopa mukuti mukufuna kupulumutsa munda wa agogo, koma bizinesi ikadzagwa, a banki mkhonde akadzabwera kudzanyamula mapoto ndi matiresi, amuna anu akadzayamba kukunenani tsiku ndi tsiku, mtima udzasintha, mudzayamba kuwerenga thumba lililonse limene mng'ono wanu wadya. Si kuti ndinu oipa, ndalama ya ngongole imatero.

Chimene ndinaona chikuthandiza kwa aneba athu, iwo anagawiratu mayi awo ali moyo. Anaitana amfumu, anayenda mmalire, anabzala mitengo ya malire, uyu apa uyu apa, ndipo mwana wamwamuna anamupatsa gawo loti azilima moyo wake onse koma osagulitsa osapinyolitsa, akadzamwalira libwerere ku mbumba. Ena anadandaula kuti si mwambo koma mpaka lero kuli bata. Amayi anu akadali ndi mawu, agwiritseni ntchito panopa, mawu a munthu wamoyo savuta kutsimikiza kusiyana ndi zija zoti malemu anandiuza ine ndekha usiku.

Komanso alamu anuwo musawaiwale. Azimayi okwatiwa chitengwa amakhala ndi mantha ngakhale sanena, akudziwa kuti mwamuna akangofa auzidwa kuti nyamulani ana muzipita kwanu. Mwina ndi iwo amene amakankha achimwene anu kuti pezani chathuchathu. Kutukwanizana kwa pachitsimeko gwero lake ndi limenelo.

MwanaWaKuDwangwa

Zikomo nonse, ndawerenga zonse, zina zowawa koma ndamva. Ndinapita kumudzi Lachisanu ndabwera dzulo, nde ndikuuzeni mmene zilili.

A KalalikiWakale, ndinachita mmene munanenera, amayi tinawakweza pa kabaza mpaka kwa anyakwawa anakadandaula okha. Anyakwawa anadabwa, akuti iwo pepala limenelo sanalionepo, ndipo anatuma mnyamata kukauza aganyu aja kuti aime kaye. Aima, koma anali atalima kale pafupifupi theka, nde bamboyo akuti ndalama ya aganyu aiwonjezera pa ngongole. Anabwera yekha pa njinga yamoto, wayankhula mokweza kuti iye ali ndi pepala ndipo afika nalo kulikonse. Nditamuuza kuti chabwino tikakumane ku khoti mukafotokoze mmene K400,000 inaberekera, anachita kuseka koma madzulo ake anatumiza uthenga kwa amalume kuti atha kulandira K750,000 nkhani ithe. Ndiye kuti pali pofewa. Mlandu kwa agulupu auika Loweruka la mawa lino.

Amalume zinawavuta. Anyakwawa atawafunsa kuti munasayina bwanji mlongo wanu osadziwa anangoti ndimafuna kuthandiza mwana, maso ali pansi. Za sopo zija sanavomere koma achimwene anandiuza okha kuti pa K400,000 paja amalume anatengapo K50,000 ati yobwereka. Nde pa bwalo ndikanena kuti imeneyo abweze iwo.

Bambo a ku Benga, ndinakhala pansi ndi achimwene usiku pakhonde, koyamba kuyankhulana popanda kukuwa. Mawu amene ananena ndi omwe munanena inu, ati iwe ukatumiza K30,000 mudzi onse umamva kuti mwana wa ku Lilongwe watumiza, ine ndikakhala mmadzi mpaka mchiuno mwezi wathunthu palibe amene amawerenga, ndipo mawa ana ako adzathamangitsa ana anga pano. Ndinawayankha kuti zimenezo mukananena pamaso pa amayi osati kwa wakatapila. Sanapepese, ine sindinawakhululukire, koma avomera kuti pa bwalo akanena okha kuti amayi sanadziwe kanthu. Akuti alowa ganyu yodula nzimbe nyengo ikayamba ndipo njinga yawo agulitsa.

Pa ndalama ndaganiza chonchi, mpamba wanga sindikhudza onse ndipo ku banki mkhonde sindikatenga. Ndikhoza kuikapo K200,000 ngati ngongole kwa achimwene yolembedwa kwa agulupu, yotsalayo aone okha ndi amalume, ndipo bamboyo alandire pang'onopang'ono. Amuna anga sindinawauzebe, ndikudikira adye kaye kkkk.

Chimene chandivuta ndi maganizo a NaPhiri ogawiratu. Amayi anavomera msanga, ati ndatopa, bola ndione ndi maso anga. Koma mng'ono wanga wakana kwamtuwagalu. Akuti maekala awiri mugawe patatu ine ndi ana atatu tidya chani, inu muli ndi bizinesi ku tauni, achimwene ndi amene anafuna kutigulitsa, nde mphoto yawo ikhale gawo? Akuti ngati ndili ndi chisoni ndi achimwene ndiwapatse gawo langa. Ndipo kunena zoona ndasowa chomuyankha, chifukwa ine gawo langa ndimaliwerengera kuti bizinesi ikadzavuta kapena banja likadzatha ndidzabwerera kumudzi ndidzalime, ndaona azimayi anzanga ambiri akubwerera opanda pogwira. Nde ndipereke kapena ayi?

MkamwiniWaKuBenga

Musapereke, abwerekeni. Mukanene pa bwalo Lowerukalo kuti gawo lanu achimwene azilima inu muli ku tauni, chaka chilichonse azikupatsani matumba amene mugwirizane ndipo oyambirira akhale obweza K200,000 yanu, tsiku limene mudzabwerere mudzawauze nyengo imodzi isanakwane kuti akolole kaye. Zilembedwe mbuku la agulupu, mng'ono wanu ndi alamu anu onse adindepo chala, osati amuna okhaokha. Gawo la mng'ono wanu likhale lalikulupo ndipo likhale mbali imene madzi amafika bwino, iyeyo ndi amene akudyetsa amayi. Ndipo amalume asagwire cholembera tsiku limenelo.

Chilungamo_Chowawa

Ine ndikuti K750,000 ikadali yambiri, yambirani pa K500,000 muone nkhope yake. Ndipo foni ya mng'ono wanu ija mwagula kapena mukutumizabe kwa achimwene?

MwanaWaKuDwangwa

Ndagula, ya mabatani, ndinamulembetsera simu pa Dwangwa pomwepo. Wandiimbira kale kawiri mmawa uno, akuti alamu abwera kudzabwereka sefa ndipo wawapatsa koma sanayankhulane. A KalalikiWakale ngati mulipo, kwa agulupu timayenera kutenga ndalama zingati ya bwalo, ndipo amapereka ndi odandaula okha kapena mbali zonse?